Kukongoletsa webusaiti n'kosavuta, ntchito ili ku seva

Masiku ano simungayende mtunda pa Facebook osakumana ndi wachinyamata amene akulengeza kuti amapanga mawebusaiti pa mtengo wozizira. Ine sindidana nazo ayi. M'dziko limene ntchito zikusowa chonchi, munthu amene wapeza podyera ndi laputopu yake ngofunika kumuombera m'manja. Koma ndikatsegula zimene ambiri akupangazo ndimaona zofanana: tsamba loyamba lokongola, zithunzi zoyenda zokha, mitundu yogwirizana bwino, kenako kafomu kotumizira uthenga. Ukadzaza kafomuko n'kudina batani, uthenga wako supita kulikonse. Umangothera m'malere, ndipo mwini bizinesi sadziwa n'komwe kuti kudabwera kasitomala.

Si ulesi umene ukuchititsa zimenezi. Anzathuwa adaphunzira mbali imodzi ya ntchito, mbali yooneka ndi maso, ndipo palibe adawauza kuti mbali inayo ndi imene anthu amalipirira ndalama zenizeni.

Mukatsegula webusaiti pafoni panu, makina awiri amagwira ntchito. Oyamba ndi foni yanuyo, kudzera mu browser ngati Chrome kapena Opera Mini. Imeneyi imalandira HTML, CSS ndi JavaScript n'kukujambulirani tsamba. Achiwiri ndi seva, kompyuta ina imene mwina ili ku Johannesburg, London kapena Frankfurt, yosazima usiku ndi usana. Kumeneko n'kumene dzina lanu ndi pasiwedi zimafufuzidwa, oda yanu imalembedwa, ndipo ndalama zimawerengedwa. Chilichonse chofunika kukumbukiridwa mawa chimakhala ku seva.

Tsono taganizani za anthu amene angakupatseni ntchito kuno kwathu. Mwini sukulu ya pulaiveti akufuna makolo aziona zotsatira za mayeso a ana awo pafoni. Mwini malo ogona alendo ku Mangochi akufuna munthu wa ku Lilongwe asungitse chipinda, ndipo chipinda chimenecho chisapatsidwenso kwa wina. Gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama likufuna kudziwa amene wabweza ndi amene akuzemba. Pa atatuwa palibe amene CSS ingamuthandize payokha. Wongodziwa kukongoletsa amalandira kangachepe ka tsamba loyamba, ntchito yaikuluyo n'kupita kwa wina.

Ndiye funso limene ambiri amafunsa n'lakuti, tiyambe ndi chiyankhulo chiti? Yankho langa ndi ili: mukadziwa bwino HTML ndi CSS, n'kugwirako JavaScript wamba, phunzirani PHP ndi SQL. Zina zonse zidikire.

Ndikudziwa kuti ena aseka. Pa YouTube pali anthu ambirimbiri amene akhala akulengeza maliro a PHP kwa zaka zoposa khumi. Chiyankhulochi adachiyambitsa ndi Rasmus Lerdorf ndipo chidatuluka m'chaka cha 1995, kotero kwa mwana wobadwa m'ma 2000 chimaoneka ngati gogo. Koma gogo ameneyu akadalima. WordPress, imene idayamba mu 2003, idalembedwa mu PHP, ndipo lero mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi amayendera WordPress. Wikipedia imayendera pulogalamu ya MediaWiki, imenenso ndi ya PHP. Moodle, imene masukulu aukachenjede ambiri amaikapo maphunziro awo, ndi PHP yomweyo. Ngakhale Facebook imene mukusekerapoyo idayamba ndi PHP mu 2004. Komanso chiyankhulochi sichidaime pamodzi: PHP 8 idatuluka mu Novembala 2020, ndipo ndi yaukhondo kusiyana kwambiri ndi ija anthu amainyoza.

Tanthauzo lake kwa inu n'losavuta. Ntchito yanu yoyamba yolipidwa mwina sikhala yomanga chinthu chatsopano. Ikhala ya bungwe lina limene webusaiti yake ya WordPress yangoyera mbee itasinthidwa plugin, ndipo amene adaipanga foni yake sikupezekanso. Wodziwa kutsegula fayilo ya PHP n'kuwerenga uthenga wa vutolo akonza tsiku lomwelo. Wosadziwa auza mwiniwake kuti tiyambirenso, zimene ndi kuononga ndalama za munthu.

Pali chifukwa china chimene aphunzitsi a pa YouTube sangakuuzeni chifukwa sichiwakhudza: ndalama zakunja. Malo osungira webusaiti nthawi zambiri amalipiridwa m'madola, ndipo ngakhale mugule kwa kampani ya konkuno, mtengo wake umatsatira dola. Tonse tikukumbuka kuti mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo kupeza dola kubanki si masewera. Malo otchipa kwambiri, amene mawebusaiti ambiri amagawana seva imodzi ndipo mumawayendetsa ndi cPanel, amabwera PHP ndi MySQL zili kale m'malo. Mumangokweza mafayilo anu basi, zayamba kugwira. Mapulogalamu a Node.js kapena Django kawirikawiri amafuna kukonzekera kochulukirapo, mwinanso seva yanuyanu imene muziisamalira nokha. Kasitomala wa golosale sangalipire zimenezo chaka ndi chaka.

Za JavaScript ndinene mwachidule. Iphunzireni, chifukwa ndi chiyankhulo chimene browser iliyonse imamva, koma muyambe ndi yeniyeniyo: kusintha zinthu patsamba, kumvetsera batani likadinidwa, kutumiza pempho ku seva popanda kutsegulanso tsamba. Musathamangire React musanadziwe zimenezi. Ndaonapo masamba a nkhani zochepa chabe amene amakoka mafayilo olemera tsamba lisanaoneke n'komwe, pamene mlendo wake ali ndi bandulo ya tsiku limodzi ndi netiweki ya kadontho kamodzi. Munthu wotere sadikira, amangotseka.

Pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa SQL, chifukwa ambiri amaidumpha poganiza kuti ndi ya akatswiri okhaokha. Ichi ndi chiyankhulo cholankhulira ndi database, nkhokwe imene zonse za webusaiti zimasungidwamo. Chidayambira ku kampani ya IBM m'ma 1970 ndipo mpaka lero mabanki, zipatala ndi makampani a mafoni amachidalira. Mafashoni a JavaScript amabwera n'kupita, koma amene adaphunzira SQL zaka 20 zapitazo akugwiritsabe ntchito nzeru zomwezo, kaya ndi pa MySQL, PostgreSQL kapena SQLite.

Mawu ake oyambira ndi ochepa: SELECT, INSERT, UPDATE, DELETE ndi JOIN. Mutha kuwaloweza sabata imodzi. Chovuta ndi kaganizidwe. Titenge sukulu ija. Wongoyamba kumene amaika zonse mu tebulo imodzi: dzina la mwana, kalasi, nambala ya foni ya kholo, phunziro, malikisi. Mwana mmodzi akalemba maphunziro asanu ndi atatu, nambala ya kholo lake imalembedwa kasanu n'katatu. Kholo likasintha nambala, wina asintha mizere isanu n'kuiwala itatu, ndipo kuyambira pamenepo palibe akudziwa nambala yoona. Wodziwa ntchito amagawa: tebulo ya ophunzira payokha, ya maphunziro payokha, ya zotsatira payokha, n'kuzilumikiza ndi manambala. Chinthu chilichonse chimalembedwa malo amodzi. Ndipo mwana samuzindikira ndi dzina, chifukwa m'kalasi imodzi mutha kukhala a Chisomo Banda awiri, wina wakhoza wina walakwa.

Mudziwenso kuti database simakufunsani kawiri. Mukalemba UPDATE yosintha malikisi a mwana mmodzi n'kuiwala mawu akuti WHERE, sukulu yonse ipeza 72 pa masamu m'kuphethira kwa diso, ndipo palibe batani lobwezera. Apa mpamene munthu amamvetsa chifukwa chake akuluakulu pantchitoyi amalimbikira za backup.

Tsopano nkhani ya chitetezo, imene kwa ine ndi imene imasiyanitsa wodziwa ndi wongoyerekeza. Lamulo lake loyamba: chilichonse chochokera ku browser musachikhulupirire. Mwalemba JavaScript yokana kuti munthu asalembe zilembo pamalo a nambala? Zili bwino, koma JavaScript imeneyo ikuyenda pamakina a mlendoyo, ndipo iye atha kuizimitsa kapena kutumiza zake molunjika ku seva. Mwabisa mtengo wa katundu mkati mwa fomu? Mwana wa Fomu 3 wachidwi atha kutsegula zida za mu Chrome n'kusintha K50,000 kukhala K50. Ngati seva yanu siyang'ananso mtengo weniweni mu database, katundu wapita pa K50.

Palinso vuto lina lophweka mochititsa manyazi. Kholo lalowa, likuona zotsatira za mwana wake, ndipo adiresi ya tsambalo ikuthera ndi id=25. Mwachidwi chabe lasintha 25 kukhala 26, n'kutulukira zotsatira za mwana wa aneba, pamodzi ndi ngongole yawo ya fizi. Apa palibe wathyola chitseko. Wopanga webusaitiyo adafufuza ngati munthuyo walowa ndi pasiwedi, koma sadafufuze ngati ali ndi ufulu woona chimene wapemphacho. Kukonza kwake ndi mizere iwiri kapena itatu ya khodi, koma mpaka utadziwa kuti ikufunika.

Chotchuka kwambiri ndi SQL injection. Zimachitika wopanga akatenga zimene munthu walemba m'bokosi n'kuzimata molunjika mu lamulo lopita ku database. Wakuba, m'malo molemba dzina lake, amalemba kachidutswa ka SQL, ndipo database imamvera ngati walamula ndi mwiniwake. Musaganize kuti zimagwera ang'onoang'ono okha. Mu Okutobala 2015 kampani ya TalkTalk ya ku Britain idaberedwa mwa njira yomweyi, kudzera m'masamba akale amene sankasamalidwa. Zinsinsi za makasitomala pafupifupi 157,000 zidatuluka, ndipo chaka chotsatira kampaniyo idalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 400,000. Chonsecho mankhwala ake ndi odziwika kalekale: prepared statements, zimene mu PHP mumazipeza kudzera mu PDO kapena MySQLi. Lamulo limapita palokha, zolemba za munthu zimapita pazokha, ndipo database sisokoneza ziwirizi.

Chenjezo langa apa ndi lakuti maphunziro ambiri akale a PHP amene ali pa intaneti amaphunzitsa njira yoopsayo. Mukaona phunziro likugwiritsa ntchito mysql_query, litsekeni. Imeneyo idachotsedwa mu PHP 7 m'chaka cha 2015.

Nanga mapasiwedi? Musawasunge mmene munthu wawalembera, ngakhale webusaitiyo ikhale ya kwaya ya kutchalitchi. Anthu amagwiritsa ntchito pasiwedi imodzi paliponse, ndiye ya kwayayo mwina ndi yomweyo ya imelo ndi ya kubanki. PHP ili ndi password_hash ndi password_verify, zimene zidabwera mu 2013, ndipo kuziphunzira sikutha ola limodzi.

Wina anena kuti ndani angavutike n'kuba pa kawebusaiti ka sukulu ya ku Ntcheu. Amwene, akubawo sakhala pansi n'kusankha. Amatumiza mapulogalamu oyendayenda pa intaneti kugogoda chitseko chilichonse, ndipo chimene chatseguka amalowa, kaya n'cha banki kaya n'cha kwaya. Komanso lamulo lilipo tsopano. Dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi limene lidapatsidwa udindo woyang'anira kuti zinsinsi za anthu zikusamalidwa. Mukatolera maina, manambala a foni ndi a ziphaso za unzika, mwanyamula katundu wa eni ake. Zikatayika, mwini sukulu adzaloza inu.

Tibwere ku ndalama. Bizinesi zambiri kuno zikulandirabe malipiro motere: tumizani pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kenako mutitumizire chithunzi cha uthenga pa WhatsApp. Aliyense akudziwa kuti chithunzi chotere chitha kupekedwa. Njira yolongosoka ndi yakuti seva yanu ilankhulane ndi seva ya kampani yoyendetsa malipiro kudzera mu API. Kasitomala akadina kulipira, seva yanu imatumiza pempho, iye amavomereza ndi PIN pafoni pake, kenako kampaniyo imabweza uthenga ku seva yanu wotsimikiza kuti ndalama zalowa. Pokhapokha uthenga umenewo utafika, n'kutsimikizika kuti wachokeradi kumeneko, mpamene oda imalembedwa kuti yalipiridwa. Kuti muchite zimenezi mufunika kumvetsa mmene HTTP imayendera, kusiyana kwa GET ndi POST, ndi kuwerenga JSON. Makiyi achinsinsi amene kampaniyo ikupatseni amakhala ku seva, osati mu JavaScript imene aliyense atha kuiwerenga. Muganizirenso kuti netiweki ikavuta uthenga wotsimikiza utha kufika kawiri, ndipo pulogalamu yanu isalembe kuti munthu walipira kawiri. Mwa njira, ngakhale timamenyu ta *211# ndi *444# timene mumatidina tsiku lililonse tilibe mtundu kapena chithunzi, koma kuseri kwake kuli seva imene ikusuntha ndalama za dziko lonse.

Pali tinthu tina timene si chiyankhulo cha khodi koma wopanga webusaiti sangatithawe. Dziwani kuti domain ndi chiyani, kaya ndi ya .com kapena yathu ya .mw, ndi mmene DNS imailozera ku seva. Dziwani kuika HTTPS. Kuyambira mu Julaye 2018 Chrome imalemba chenjezo pa webusaiti imene ilibe, ndipo bungwe la Let's Encrypt limapereka ziphaso zake ulere, ndiye palibe chonamizira. Phunzirani Git, imene Linus Torvalds adaipanga mu 2005, kuti musiye zija zosunga mafoda otchedwa "yomaliza", "yomaliza2" ndi "yomaliza yeniyeni". Malamulo ochepa a Linux nawonso adzakuthandizani, poti maseva ambiri amayendera imeneyo. Ndipo backup imene simudayeserepo kuibwezeretsa musaidalire. Mutha kudzapeza pa tsiku la tsoka kuti fayiloyo ndi yopanda kanthu.

Pa za domain ndili ndi dandaulo. Ndikudziwa bungwe lina laling'ono limene lidataya adiresi yake ya pa intaneti, pamodzi ndi maimelo onse, chifukwa amene adawapangira webusaiti adalembetsa domain m'dzina lake, kenako n'kusowa. Chaka chitatha palibe adalipira. Makalata awo, zikwangwani ndi makadi zonse zidali ndi adiresi yakufa. Lembetsani domain m'dzina la mwini bizinesi ndipo mumupatse mapasiwedi ake. Kugwira kasitomala pakhosi mwa njira imeneyi kumaipitsa mbiri ya onse ochita ntchitoyi.

Kodi ndiye kuti Python ndi Node.js n'zachabe? Ayi ndithu. Ngati maso anu ali pa ntchito yosanthula data kapena pa makampani akunja olemba anthu ogwirira ntchito kunyumba, Python kapena JavaScript ya ku seva idzakufikitsani kutali, ndipo amene wayamba kale ndi Django asasiye. Chimene ndikukana ndi kudumphadumpha: mwezi uno Python, mwezi wamawa Go, kenako wina wanena pa TikTok kuti Rust ndiye tsogolo. Pakutha pa chaka munthu amadziwa kulemba moni m'ziyankhulo zisanu koma sangapange fomu yosunga dzina. Mfundo zake, monga mafomu, ma session, database ndi chitetezo, n'zofanana kulikonse. Mukazigwira mu PHP, kusamukira kwina ndi nkhani ya masabata. Laravel nayonso, imene idatuluka mu 2011 ndipo imafewetsa zambiri, muyipeze mutalembapo kale PHP wamba, kuti muzidziwa chimene ikukuchitirani kuseri.

Ena akuti bwanji tivutike pamene ChatGPT ilipo. Zoona, kuchokera pamene idatuluka mu Novembala 2022 kulemba khodi kwafulumira, ndipo kuigwiritsa ntchito si tchimo. Koma imakupatsani khodi yabwino ndi yoopsa ndi nkhope imodzimodzi, mosakayika konse. Ngati simutha kuona kuti apa palibe prepared statement, kapena kuti apa sadafufuze mwini wa id ija, mudzangokopera n'kukweza. Tsiku limene zinsinsi za makolo zidzatuluke, kumsonkhano wa komiti ya sukulu adzaitana inu, osati ChatGPT.

Ndipo kwa amene akuti ine mtima wanga uli pa kujambula ndi kukongoletsa basi, sindikukakamizani kukhala katswiri wa seva. Luso lanu n'lofunika, ndipo ambiri odziwa PHP amapanga masamba onyansa. Koma dziwaniko zokwanira kuti muzimvana ndi mnzanu wa ku seva, komanso kuti musalonjeze kasitomala kuti zolipira pa Mpamba muziika mawa pa mtengo wa logo.

Chosangalatsa n'chakuti kuphunzira zonsezi sikudya bandulo yambiri. Mukakopera XAMPP kamodzi, laputopu yanu imasanduka seva yoyeserera, yokhala ndi Apache, PHP ndi MariaDB, ndipo imagwira popanda intaneti. Buku lonse la malangizo a PHP mutha kulikopera pa php.net n'kumaliwerenga bandulo itatha. Amene alibe laputopu, pulogalamu ya Termux pa foni ya Android imalola kuika PHP, Python ndi MariaDB. Kulemba khodi pa kasikirini kakang'ono n'kotopetsa, koma kumatheka. MDN Web Docs, freeCodeCamp ndi maphunziro a CS50 a ku Harvard n'zaulere.

Mukatero musathere miyezi mukungoonera mavidiyo. Sankhani vuto limodzi la pafupi nanu, mwachitsanzo kaundula wa banki mkhonde ya mayi anu. Mamembala azilowa ndi pasiwedi, aliyense aziona masheya ndi ngongole zake zokha, msungichuma yekha ndiye azilemba zolowa ndi zotuluka, ndipo chiwongoladzanja chiziwerengedwa ku seva. Kanthu kameneka kakuphunzitsani mafomu, ma session, matebulo olumikizana ndi kusiyanitsa maudindo. Mukamaliza, muyese ndi maina ndi manambala opeka, osati a amayi enieniwo, kenako mupatse mnzanu wovuta uja laputopu, mumuuze kuti akatha kuona ngongole ya membala wina kapena kudzichotsera yake, mumugulira chipisi.